Kodi ndege ya Amelia Earhart inanyamula bwato lopulumukira? Tikhulupirire mboni iti?

Wophunzira Mbiri:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani ya ndege ya Mayi Amelia Earhart, woyendetsa ndege wa ku America, ndi a Fred Noonan, wowalondolera njira, imene ili pa ulendo wozungulira dziko inanyamuka ku Lae, ku New Guinea, pa 2 Julayi 1937 kulowera ku chilumba cha Howland, ulendo wa makilomita oposa 4,100 pamwamba pa nyanja ya Pacific, ndipo sinaonekenso. Funso langa silikukhudza kumene ndegeyo inagwera, koma zimene zinali m'kati mwake. Itangosowa, nyuzipepala za ku America zinalemba kuti munali bwato la mphira lopopa lokwana anthu awiri, zovala zoyandamitsa munthu pamadzi, mfuti yoombera moto wa chizindikiro, ndiponso kaiti yaikulu yachikasu yoti aiulutse kuti owafunafuna awaone msanga. Ofufuza ena a masiku ano amati palibe umboni woti bwatolo linakwezedwa n'komwe. Ndikulemba nkhani ya kusukulu pa mutu umenewu, ndipo ndikufuna kudziwa mboni imene ndiyenera kutsamira pa mawu ake.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, mndandanda umene wautchulawo unachokera kwa a George Putnam, amuna awo a Mayi Earhart, ndipo ine sindiona chifukwa chowakayikira. A Putnam sanali mwamuna wongodikira kunyumba, koma ndi amene ankayendetsa ulendo wonsewo, kuyambira kufunafuna ndalama mpaka kukambirana ndi boma za thandizo la m'njira. Komanso tikumbukire kuti mu Januwale 1935, pamene Mayi Earhart anauluka okha kuchokera ku Honolulu kukafika ku Oakland, ananyamula bwato lopopa lotereli pamodzi ndi chakudya cha pangozi, ndipo iwo eni anafotokoza zimenezi. Munthu amene anaona kufunika kwa bwato pa ulendo wa 1935 sakanalisiya pa ulendo woopsa kwambiri, wofunafuna kachilumba kotalika makilomita osakwana atatu pakati pa nyanja.

Mayi a Kukhoti:
Bambo Mphunzitsi, ndakumvani bwino, koma ndiloleni ndifunse funso limene woweruza aliyense amayamba nalo mboni ikaima: kodi munalipo, ndipo munaona ndi maso anu? A Putnam anaiona komaliza ndegeyo ku Miami pa 1 Juni 1937. Kuchokera tsiku limenelo kufika pa 2 Julayi panadutsa mwezi wathunthu, ndipo ndegeyo inali itayenda makilomita pafupifupi 35,000, kudutsa South America, Africa, India ndi Australia, ikutera ndi kunyamuka m'mabwalo ambirimbiri kumene katundu ankatsitsidwa, wina n'kutumizidwa kwawo. Pamene ankalankhula ndi atolankhani ndiponso asilikali, a Putnam anali ku California. Zimene akanatha kuchitira umboni ndi zimene zinakonzedwa kuti zinyamulidwe, kapenanso zimene anaona ku Miami, koma osati zimene zinali m'ndege m'mawa umene inanyamuka ku Lae.

Palinso china chimene sitiyenera kuchilambalala. Masiku amenewo a Putnam ankachonderera boma kuti lisasiye kufunafuna akazi awo. Boma limapitiriza kutumiza sitima ngati pali chiyembekezo choti anthu akuyandama penapake ali ndi madzi akumwa, ndipo limafulumira kubweza sitimazo likaganiza kuti anamira tsiku loyamba lomwelo. Sindikunena kuti bambowo ananama, ayi. Ndikunena kuti munthu amene ali pa chisoni chotere, atafunsidwa ngati bwato linalimo, sangayankhe kuti mwina analisiya m'njira, ngakhale mumtima mwake mutakhala chikayiko.

Amakaniko:
Ndikugwirizana ndi Mayi a Kukhoti, ndipo ndikufuna kuwonjezera chikalata chimodzi chimene sichinalembedwe ndi munthu wofuna kusangalatsa wina aliyense. Ulendo wozungulira dziko unayesedwa kawiri. Ulendo woyamba unathera pa bwalo la Luke Field ku Hawaii pa 20 Malichi 1937, pamene ndegeyo, ya mtundu wa Lockheed Electra 10E, inapotoka ikuthamanga kuti inyamuke, miyendo yake n'kuthyoka. Isanatumizidwe pa sitima kuti ikakonzedwe ku fakitale ya Lockheed ku Burbank, asilikali a pabwalopo analemba kaundula wa katundu amene anamupeza. Kaundulayo ndi watsatanetsatane moti muli ngakhale mpeni wa m'thumba, mabotolo a madzi ndi mabokosi a mankhwala a chithandizo choyamba, koma bwato lopopa mulibemo. Msilikali amene anali ndi nthawi yolemba kampeni sakanadumpha chinthu chachikulu ngati bwato.

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene Amakaniko, kaundulayo ndikumudziwa, koma mukumusenzetsa katundu woposa mphamvu zake. Choyamba, ndi wa ulendo wina, wa mwezi wa Malichi, umene unkalowera kumadzulo ndipo unali ndi a Harry Manning, wolondolera njira wina, m'ndegemo, pamene ulendo wachiwiri unalowera kum'mawa ndi anthu awiri okha. Chachiwiri, analembedwa patapita masiku ngoziyo itachitika, eni ndege atatenga kale zimene ankafuna n'kukwera sitima kubwerera ku California. Ngati bwatolo linali limodzi mwa zinthu zimene anatenga, msilikali uja sakanalilemba ngakhale akanakhala wosamala chotani. Kaundulayo akutiuza zimene zinatsala ku Hawaii sabata imeneyo. Sakutiuza zimene zinakwezedwa ku Oakland kapena ku Miami patapita miyezi iwiri.

Amakaniko:
Mfundo yachiwiriyo ndaivomera, bambo. Komabe ngati tikukana kaundula chifukwa ndi wa mwezi wa Malichi, ndiye kuti tiyeneranso kukana umboni wa ulendo wa 1935 umene munaupereka poyamba, chifukwa umenewo ndi wa ndege ina, ya injini imodzi, ndiponso wa zaka ziwiri m'mbuyo.

Mkonzi Wakale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikuona kuti nonse mukuganiza ngati kuti chikalata cholembedwa nthawi yomweyo chimathetsa mkangano. Nkhani ya maparachuti ikusonyeza kuti si choncho. M'buku la Last Flight, limene linatuluka kumapeto kwa 1937 m'dzina la Mayi Earhart, muli mawu akuti maparachuti anawasiya ku Darwin, kumpoto kwa Australia, n'kuwatumiza kwawo, chifukwa pamwamba pa nyanja sakanathandiza kanthu. Koma nyuzipepala za ku Australia za masiku omwewo zinalemba zosiyana kotheratu, kuti atangotera ku Darwin pa 28 Juni, mayiwo anafunsa ngati maparachuti awiri ochokera ku America anali atafika, ndipo anawapeza akuwadikira kale. Palinso chithunzi chojambulidwa ku Darwin chosonyeza maparachuti ataunjikidwa pamodzi ndi katundu wina pafupi ndi khomo la ndege. Chithunzicho mbali zonse ziwiri zimachikokera kwawo, chifukwa sichinena ngati katunduyo akutsika kapena akukwera.

Tsono apa tili ndi mawu a mwini ulendo mbali ina, ndi mawu a mtolankhani amene analipo mbali inayo, onse a chaka chimodzi. Ine amene ndagwirapo ntchito yokonza zolemba za anthu ena ndimayamba ndafunsa kuti mawuwo anadutsa m'manja mwa yani asanafike pa pepala. Bukulo linasonkhanitsidwa ndi a Putnam kuchokera ku makalata, timapepala ndi mauthenga amene mayiwo ankatumiza ali m'njira, mwini wake atasowa kale ndipo sakanatha kuwerenga kuti akonze. Mkonzi akapeza kapepala kolembedwa mofulumira kotchula Darwin ndi maparachuti, amalumikiza mawuwo m'njira imene ikumveka yanzeru kwa iye, ndipo kusiya maparachuti usanawoloke nyanja kukumveka kwanzeru. Mtolankhani wa ku Darwin analibe chifukwa chopekera nkhani ya katundu wodikira pabwalo, ndipo nkhani yake inatuluka ndege isanasowe, pamene panalibe aliyense wodziwa kuti mfundo imeneyi idzakhala yofunika.

Wophunzira Mbiri:
Ndiye kuti inuyo, bambo Mkonzi, mukukhulupirira kuti maparachutiwo anakwezedwa ku Darwin ndipo analimo mpaka tsiku lomaliza?

Mkonzi Wakale:
Ndikukhulupirira theka loyamba la funso lako, mwana wanga, osati lachiwiri. Ndimatsamira ku mtolankhani pa zimene zinachitika ku Darwin. Koma pakati pa Darwin ndi tsiku lomaliza pali masiku atatu a ku Lae, kuyambira pa 29 Juni, ndipo mu uthenga umene Mayi Earhart anatumiza ku nyuzipepala ali kumeneko ananena kuti iwo ndi a Noonan anatha masiku awiri akulongedzanso ndege ndi kuchotsa chilichonse chosafunika, ngakhale katundu wawo wa iwo eni. Sanatchule zinthuzo chimodzichimodzi. Choncho chilichonse chimene mboni inaona Lae asanafike, kaya ku Miami kaya ku Darwin, chiyenera kudutsa kaye pa sefa ya masiku atatuwo.

Amakaniko:
Pamenepa ndilankhuleko ngati munthu wa zitsulo, chifukwa kulemera ndi kumene kunkalamulira zonse ku Lae. A Eric Chater, amene anali mkulu wa kampani ya Guinea Airways, analemba lipoti pa 25 Julayi 1937, ndipo a James Collopy, woyang'anira za ndege m'chigawocho, analemba kalata yawo mu Ogasiti chaka chomwecho. Onse awiri anati ndegeyo inanyamuka ndi magaloni 1,100 a mafuta, kutanthauza kulemera kwa pafupifupi matani atatu kwa mafuta okha. Bwalo la ku Lae linali la udzu, lalifupi, lothera pa gombe, ndipo amene anaonerera anafotokoza kuti ndegeyo inatha pafupifupi bwalo lonse, itachoka pansi n'kutsikira kufupi ndi madzi isanayambe kukwera. Munthu amene akudziwa kuti anyamuka motero amayang'ana kilogalamu iliyonse ndi diso loipa.

Ndiponso khalidwe la mayiwa pa nkhani ya zida likudziwika kuchokera ku zinthu zimene palibe amene amazitsutsa. Waya wautali wa wailesi wolendewera kumbuyo kwa ndege, umene ukanawathandiza kulankhula pa 500 kHz, pamene sitima zapamadzi zinkamvetsera ndi kupezera kumene uthenga ukuchokera, unachotsedwa ulendo wachiwiri usanafike patali. Mayi Earhart ndi a Noonan sankadziwa bwino Morse code, njira yotumizira mauthenga pa wailesi ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali, ndipo a Chater analemba zimenezi m'lipoti lawo. Munthu amene anasiya chida chomuthandiza kupeza chilumba akanathanso kusiya chida chomuthandiza akaphonya chilumbacho.

Mayi a Kukhoti:
Achimwene, mawu anu omalizawo ndi okoma kuwamva, koma ndi umboni wa khalidwe, ndipo umboni wotere umangotiuza zimene munthu akanatha kuchita, osati zimene anachita. Bambo Mphunzitsi anagwiritsa ntchito khalidwe la 1935 kuti anene kuti bwato linalimo, inu mukugwiritsa ntchito khalidwe la 1937 kuti munene kuti munalibe, ndipo nonse awiri simunatibweretsere munthu amene anasuzumira m'ndegemo.

Chimene chikundikhudza ine pa lipoti la a Chater n'chakuti ndi mboni yabwino koposa zonse zimene tazitchula. Analipo, analemba pasanathe mwezi, analibe phindu lililonse pa nkhaniyi, ndipo lipotilo linakhala m'mafaelo a kampani ina ya migodi ku Canada kwa zaka zoposa 50 lisanapezekenso, moti silinaumbidwe ndi mikangano imene inabwera pambuyo pake. Koma nkhawa yawo inali pa wailesi, nyengo, mafuta, ndi vuto limene a Noonan anali nalo lopeza nthawi yolondola yotchera mawotchi awo. Mboni ikhoza kukhala yodalirika kwambiri koma osayankha funso limene ife tikufuna, ndipo si bwino kutenga kukhala chete kwake n'kukusandutsa yankho.

Mphunzitsi Wopuma:
Nanga a Harry Balfour, mayi? Iwo ndi amene ankagwira wailesi ya ku Lae, anakhala ndi Mayi Earhart masiku onse atatu, ndipo ndi amene analandira mauthenga a maola oyambirira a ulendowo pa 6210 kHz. Iwowa anadzanena kuti mayiwo anawasiyira mfuti yaing'ono ndi mabuku a wailesi pofuna kupepukitsa ndege. Ameneyu si mboni yoona ndi maso imene mukuifunayo?

Mayi a Kukhoti:
Analipodi, bambo, ndipo n'chifukwa chake sindiwataya. Koma zimenezi anazilemba m'makalata patapita zaka zoposa 30, nkhani ya Earhart itadzaza kale m'mabuku ndi m'nyuzipepala, anthu ofufuza akuwafunsa mafunso amene mwa iwo okha amasonyeza yankho lofunidwa. Ndimagawa mawu awo pawiri. Akamanena kuti anapatsidwa chinthu m'manja, ndimawakhulupirira ndithu, chifukwa munthu saiwala mphatso yochokera kwa mlendo wotchuka chotero. Akamanena za zimene zinatsala m'ndege, kapena chifukwa chimene mayiwo anachitira zinthu, ndimachepetsa chikhulupiriro, chifukwa pamenepo kukumbukira kumasakanikirana ndi zimene munthu anawerenga pambuyo pake. Tisamalenso ndi mfutiyo. Mfuti yodzitetezera ndi mfuti yoombera moto wa chizindikiro ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wolemba amene sanasiyanitse akhoza kunena kuti mayiwo anasiya chida chopemphera thandizo pamene mboni sinanene zimenezo.

Mkonzi Wakale:
Mayi atchula moto wa chizindikiro, ndipo zandikumbutsa chinthu chimene chimasonyeza kuopsa kwa mndandanda wa a Putnam uja, kaya unali woona kaya ayi. Usiku wa pa 5 Julayi, sitima ya Itasca, imene inkadikira ndegeyo ku Howland, inathamangira kumpoto kwa chilumbacho potsatira uthenga wosamveka bwino wotchula nambala 281, imene anaimva ngati mamailosi 281 kumpoto kwa Howland. Amalinyero anaona kuwala kumwamba, ndipo sitimayo inaulutsa pa wailesi uthenga wouza Mayi Earhart kuti moto wawo waoneka ndipo ikubwera. Nkhaniyo inafika m'nyuzipepala ngati kuti apezeka. Pambuyo pake zinadziwika kuti zinali nyenyezi zothothoka. Amenewa anali amalinyero ozolowera thambo la usiku, osati anthu wamba, koma anali atauzidwa kuti osowawo ali ndi moto wa chizindikiro, ndipo maso awo anaona chimene ankayembekezera.

Ngakhale m'chipinda cha wailesi cha sitima yomweyo, anthu awiri olemba nthawi imodzi sanalembe zofanana. Pa uthenga wa Mayi Earhart wa 7:42 m'mawa wa tsiku limene anasowa, buku lina linalemba kuti mafuta akuchepa, pamene lina linalemba kuti atsala a theka la ola lokha. Koma mayiwo anamvekanso cha m'ma 8:43, akutchula mzere wa madigiri 157 ndi 337 umene ankautsatira, patadutsa ola lathunthu. Ngati makutu awiri a m'chipinda chimodzi anasiyana chotero pa mawu a mphindi yomweyo, ndiye tiyembekezere zotani kwa munthu wokumbukira za katundu patapita zaka 30?

Wophunzira Mbiri:
Kodi zotsatira za kufunafunako sizingatithandize? Ndawerenga kuti ndege zitatu za sitima yankhondo ya Colorado zinayendera zilumba za Phoenix, ndipo ndege za sitima ya Lexington zinasesa nyanja mpaka pa 18 Julayi, koma sanaone bwato, kaiti kapena parachuti. Kodi zimenezi sizikutanthauza kuti zinthuzo kunalibe?

Amakaniko:
Ayi, mng'ono wanga, sizikutanthauza choncho. Dera limene anafunafunamo linali la masikweya mailosi pafupifupi 250,000, ndipo ndege za Lexington zinayamba ntchito pa 13 Julayi, patatha masiku 11, mafunde ndi mphepo zitakankhira kale kutali chilichonse choyandama. Kabwato ka anthu awiri pa nyanja yotero ndi kadontho chabe. Ndiponso kukhala ndi bwato ndi kutha kuligwiritsa ntchito n'zosiyana. M'ndegemo, pakati pa mpando woyendetsera ndi kumbuyo, munadzaza matanki a mafuta, moti munthu ankachita kukwawa pamwamba pake kuti adutse. Ngati bwatolo linali kumbuyo, ndipo ndege inagwera pamadzi mphuno ili pansi chifukwa cha kulemera kwa injini, kulifikira, kulitulutsa ndi kulipopa sikukanakhala kophweka, makamaka kwa anthu ovulala amene anali atakhala m'mwamba maola oposa 20.

Pamene funso lako lili ndi mphamvu pang'ono ndi pa chilumba cha Gardner, chimodzi mwa zilumba za Phoenix, chimene lero chimatchedwa Nikumaroro, kumene ofufuza a bungwe la TIGHAR amati ndegeyo inatera. A John Lambrecht, woyendetsa imodzi mwa ndege za Colorado, anauluka pamwamba pake pa 9 Julayi ndipo analemba kuti anaona zizindikiro zoti anthu anakhalapo posachedwa, koma palibe amene anawakodola. Munthu amene ali ndi parachuti kapena kaiti yachikasu pa chilumba, chinthu choyamba chimene angachite n'kuyala nsaluyo pa mchenga. Choncho amene amakhulupirira kuti awiriwa anali amoyo pa Gardner tsiku limenelo ayenera kufotokoza chifukwa chake nsalu yotero sinaoneke, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhani ya zida zopulumukira imawakhudza kwambiri kuposa amene amati ndege inamira.

Mphunzitsi Wopuma:
Apa mwakhudza chinthu chimene chimandidetsa nkhawa. Ofufuza a masiku ano nawonso ali ndi mbali. Amene amati ndege inatera pa chilumba amapindula ngati bwato munalibe, ndipo amene amati inamira amapindula ngati mafuta anali ochepa. Tikamayesa a Putnam ndi muyeso wa phindu, tiyesenso ndi muyeso womwewo amene akuwatsutsa. Ine ndikadali pa maganizo anga akuti bwato linagulidwa ndipo linanyamuka nawo ku America, ngakhale ndikuona kuti mawu a a Putnam sangatifikitse ku Lae.

Mayi a Kukhoti:
Pamenepo sitikusiyana kwenikweni, bambo, kupatula kuti ine sindingalembe ngakhale zakuti linanyamuka ku America ngati chinthu chotsimikizika, popeza mboni imene tatchula pano ndi imodzi yokha, yolankhula ngozi itachitika kale. Kwa mwana wathu wolemba nkhaniyu, ndinganene kuti pa chinthu chilichonse alembe dzina la amene ananena, kumene anali ataima, ndi tsiku limene ananena. Alembe kuti a Putnam, ali ku California ndege itasowa, anati munali bwato. Alembe kuti kaundula wa asilikali wa mwezi wa Malichi salitchula. Alembe kuti Mayi Earhart ali ku Lae anati achotsa zosafunika, osatchula kuti ndi ziti. Asalembe chiganizo chakuti ndegeyo inali ndi bwato kapena inalibe popanda dzina la munthu kutsogolo kwake.

Wophunzira Mbiri:
Zikomo kwambiri, amayi ndi abambo. Nanga chithunzi cha ku Darwin chija ndichiike mbali iti, popeza chokhacho ndicho sichidalira kukumbukira kwa munthu?

Mkonzi Wakale:
Uchiike pansi pa mutu wa maparachuti okha, osati wa bwato, ndipo mawu ofotokozera chithunzicho uwalembe wekha. Usakopere mawu amene ali m'munsi mwake m'mabuku kapena pa intaneti, chifukwa ena amati akutsitsa katundu, ena amati akukweza, ndipo mawu amenewo ndi a osindikiza, si a wojambula. Chimene chithunzicho chikutsimikiza n'chakuti maparachuti ndi ndegeyo zinali pamalo amodzi ku Darwin kumapeto kwa Juni 1937, ndipo kenako uike nkhani ya mtolankhani ndi mawu a m'buku moyandikana, pamodzi ndi nthawi imene chilichonse chinasindikizidwa.